K500 kuti mwana aonere filimu isanafike kwa anzake: tilipire kapena tidikire?

Atate a Mada (Kalongwezi, Chipata): Mwachoma bwanji nonse. Ndabwera ndi mlandu wa m'nyumba, mundiweruze. Mada akukwanitsa zaka 13 Loweruka likudzali. Ndinkayesa apempha nsapato kapena keke, koma iye akuti akufuna filimu. Pali katuni yatsopano imene ikali m'masinema ku Lusaka, ndiye msuweni wake wa ku Chelstone wamuonetsa kuti itha kubwerekedwa pa intaneti osadikira. Ndayang'ana mtengo, madola 20. Tikaika dola pa K25 ndi K500 imeneyo, ndipo ndi yapadera, ija timalipira mwezi ndi mwezi yoonera mafilimu pa intaneti ili payokha. Amake akuti ndikalipira ndiye kuti mutu wanga sukuyenda bwino. Mwana akuti anzake onse aionera kale, ngakhale bodza lakelo ndikuliona. Alipo pano anayesapo zimenezi? Munasangalala, kapena munangotsala ndi "ndikanadziwa"?

Amake Tiza: Alamu, K500 ya filimu imodzi? Mukudziwa milu ingati ya matimati imene ndiyenera kugulitsa pa Saturday Market kuti ndione K500 ya phindu? Asisi anga sanalakwe. Mugulireni mwana nsapato, filimu sadzavala kusukulu.

Yobe wa Mafoni: Akulu, musavutike. Bwerani ndi flash pa Kapata mawa, K5 chabe. Ndikuikirani ndi ina ya mbasela.

Atate a Mada: Iwe Yobe, khala chete. Ija unandiikira pa Khirisimasi waiwala? Chithunzi chopendekeka ngati wojambulayo anali atagona cham'mbali, mitu ya anthu ikudutsa kutsogolo, wina akutsokomola filimu yonse, pakati pa nkhondo n'kutulukira chilengezo cha kubetcha mpira. Ana anandiseka mpaka chaka chatsopano.

Yobe wa Mafoni: Kkkkk imene ija inali ya kamera, akulu. Zoyera zimabwera pakapita miyezi iwiri.

Aphunzitsi a ku Katete: Mwamva nonse? Ngakhale Yobe akuti dikirani.

Tisa (Leeds): Amalume, ndangoweruka ntchito ya usiku, koma lekani ndiyankhe ndisanagone, mudziwe chimene mukugula. Kale filimu inkakhala m'masinema mokha pafupifupi masiku 90 isanaloledwe kulowa m'nyumba za anthu. Unali mgwirizano wa opanga mafilimu ndi eni masinema, kuti inu yambani mwadya, ife tidzatola zotsala. Korona itatseka masinema mu 2020, makampani anatsala ndi nsima yophika kale yopanda woidya. Kampani ya mafilimu ya Universal ndiyo inalimba mtima, mu Epulo 2020 inatulutsa Trolls World Tour pa intaneti pa $19.99. Eni masinema a AMC anakwiya mpaka kunena kuti sadzaonetsanso mafilimu a Universal, koma pofika Julayi chaka chomwecho anagwirizana kuti masiku 17 m'sinema akwana. Disney nayo mu Seputembala 2020 inaika Mulan pa $29.99 pamwamba pa ndalama ya pamwezi. Lomba mvetserani apa: pa 4 Disembala filimu yomweyo inatsegulidwa kwa aliyense wolipira pamwezi, osawonjezera ngakhale ngwee. Amene anatulutsa madola 30 aja, chimene anagula ndi miyezi itatu basi.

Masiku ano makwerero ake ali chonchi. Imayamba ku sinema, kenako kubwereka kodula kwa madola 20, pakapita masabata mtengo umatsika kufika madola 5 kapena 6, ndipo pomaliza imagwera mu zija zolipira pamwezi. Inu amalume mwaima pa sitepe yodulitsitsa.

Amake Tiza: Ndiye n'chimodzimodzi salaula tu. Bero likangotsegulidwa m'mawa diresi K150, pofika Lachisanu lomwelo K30.

Tisa (Leeds): Ee anti, kusiyana kwake n'kwakuti diresi labwino wina akhoza kukutolerani, koma filimu siitha. Idzakhalapo yomweyo.

Aphunzitsi a ku Katete: Tiyeni tiike pa bolodi. Mtengo umenewu anauika poganizira banja la ku America. Iwo akapita ku sinema anthu anayi, matikiti, mbuliwuli ndi mafuta a galimoto zimapitirira madola 20 kutali, ndiye kuonera kunyumba n'kupulumutsa ndalama. Nanga ife tikufanizira ndi chiyani? Mukafanizira ndi basi ya ku Lusaka, makilomita oposa 550 pa Great East Road, inu ndi mwana, kupita ndi kubwera, malo ogona, nthochi za pa Nyimba ndi nsomba za pa Luangwa, ndiye K500 ndi yochepa ngako. Koma ndani pano anali ndi ulendo umenewo m'mutu? Palibe. Ndiye fanizirani ndi kudikira, kumene kuli kwaulere. K500 kugawa masiku 90 ndi pafupifupi K5.50 tsiku lililonse. Umenewo ndiwo msonkho wa kusaleza mtima.

Ndipo simunathe. A Netflix eni ake amalemba kuti chithunzi wamba chimadya pafupifupi 1 GB pa ola, choyera bwino mpaka 3 GB. Kwina konse sikusiyana kwenikweni. Filimu ya maola awiri ndi 6 GB ngati mukufuna kuona tsitsi lililonse la katuniyo. Bandulo imeneyo mwaiwerengera? Banki nayo ikamasintha kwacha kukhala dola siyang'ana mtengo wa pa nyuzi, imaikapo kake. Ine ndikuona K500 yanu ikunenepa tisanayambe n'komwe.

Atate a Mada: Aphunzitsi, bandulo ndinaiiwaladi. Mwandiwawitsa mutu.

Amake Junior (Moth): Ine masamu sindiwadziwa, koma mverani zimene zinatigwera mu 2024, chaka chija madzi anachepa ku Kariba malaiti n'kumabwera ngati mlendo. Atate a Junior anabwereka filimu yotereyi kuti tidzaonere Loweruka ndi alendo ochokera ku Lundazi. Lamulo lake ndi lakuti uli ndi masiku 30 kuti uyambe kuonera, koma ukangodina kuti iyambe, maola 48 ayamba kuwerengedwa. Timalemba tating'ono tija sitinawerenge. Lachitatu cha m'ma 21 awazi mwamuna wanga akuti "ndingoyesa ngati ikugwira", waonera mphindi zitatu n'kuzimitsa, n'kukagona mtima uli m'malo. Lachisanu m'mawa ndi pomwe Junior akubwera ndi foni, "adadi, apa alemba kuti kwatsala maola 12."

Malaiti kulibe kuyambira 04 awazi. Alendo akali ku Lundazi. TV ili phee ngati kabati. Tinaonera pa foni, itatsamira botolo la saladi pa thebulo, anthu asanu ndi awiri mitu pamodzi ngati nkhuku pa gaga, batire ili pa 31. Wamng'ono akulira kuti sakuona, apongozi akufunsa mphindi iliyonse kuti "uyu ndiye woipa uja?" Foni inazima pomwe mtsikana wa m'filimumo amatsegula chitseko. Malaiti anabwera pakati pa usiku, nthawi itatha kale. Mpaka lero pakhomo pathu wina akachedwa kutsegula chitseko timamufunsa kuti batire yatha.

Yobe wa Mafoni: Kkkkkkk amama mwandipha. Flash yanga ilibe maola 48.

Amake Tiza: Asisi pepani koma ndaseka mpaka makasitomala akundiyang'ana. Botolo la saladi!

Amake Junior (Moth): Sekani, ine ndinalira. Alendo atafika Loweruka tinangowaphikira nkhuku n'kuwafotokozera filimuyo pakamwa, mpaka pa chitseko.

Agogo Jere (Mtenguleni): Mdzukulu wandiwerengera zonse, ndiye ndati ndiponyepo mawu. Ana inu mwandikumbutsa kale. M'zaka za m'ma 1990 ndikabwera m'tauni kudzagulitsa nshawa ndinkalowa mu vidiyo sho ku Kapata. Kachipinda ka mabenchi, bulangeti pa windo, TV imodzi pamwamba pa kabati, fungo la thukuta ndi fodya. Tepi ikazingana mwini wake amaitulutsa n'kuizunguza ndi chala ife tikuimba mluzu. Mafilimu a karate amene tinkaonera anali atatuluka zaka khumi kumbuyo, koma kwa ife anali a dzulo. Panali kamnyamata kena kanaonera filimu iliyonse kakhumi, kankakhala kutsogolo n'kumatiuziratu kuti "apa afa uyu". Kodi tinkatuluka? Ayi, tinkakuwabe akamagwa.

Ine ndine mlimi. Chimanga chachiwisi choyamba cha kudimba chimadula, ndipo m'pomveka, chifukwa ukachedwa chikhwima. Mango oyamba chimodzimodzi. Nanga filimu imakhwima? Imaola? Ndiponso kwathu kuno kulawa zoyamba ndi udindo wa Nkhosi pa Nc'wala mu Febuluwale, enafe timadikira ilawe kaye. Mwana wanga, iwe wakhala Mpezeni liti?

Atate a Mada: Adada mwandimaliza. Ndagwada.

Shadi wa Njinga: Agogo anena zoona. Chokhacho chimene chimaola ukachedwa ndi mpira. Pa 12 Febuluwale 2012 ku Libreville, fainolo ya chikho cha Africa, ife ndi Ivory Coast, mapenati 8 kwa 7. Ndani akanavomera kuti aonere m'mawa mwake? Usiku uja ngakhale akanati K500 pakhomo ndikanagulitsa njinga. Koma katuni?

Aphunzitsi a ku Katete: Shadi, mu 2012 K500 inali ya chitumbuwa chimodzi. Maziro atatu anachotsedwa pa kwacha mu Januwale 2013. Njinga ukanangoisunga.

Shadi wa Njinga: Aphunzitsi inu simutopa kuchonga? Mwamva chimene ndikutanthauza.

Tisa (Leeds): Agogo, ndikupempha kutsutsako pang'ono, mundikhululukire. Kwa inu ndi ine filimu siola. Kwa mwana wa zaka 13 imaola ndithu, ndipo imaolera pa TikTok. Filimu ikangotuluka, m'masiku awiri tizidutswa take tadzaza paliponse, nyimbo yake akuivina, mapeto ake aulula. Kamnyamata kanu ka kutsogolo kaja kanali kamodzi, lero tili zikwi m'foni imodzi. Ndipo Mada sakufuna filimu yokha. Akufuna Lolemba pa buleki akhale ndi chonena, asakhale womvetsera chabe pamene ana obwera ku holide ku Lusaka akusimba. Ine ndinali mwana wotero, amalume akukumbukira. Sindikunena kuti zimenezo zikukwana K500, koma tisanene kuti mwana sakugula kanthu.

Agogo Jere (Mtenguleni): Tikitokiyo sindiidziwa, koma kufuna kuoneka pakati pa anzako ndikukudziwa. Ine ndinagulapo wailesi ya mabatire asanu ndi limodzi chaka cha njala.

Kondwa Kamera: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma pali mbali imene nonse mukuidumpha. Ine ndimajambula maukwati ndi makitcheni pate kuti ndidye, koma mtima wanga uli pa mafilimu. Chaka chatha ndi anzanga tinapanga kafilimu ka mphindi 40, tinajambulira ku Mchini ndi kuphiri la Kanjala. Miyezi inayi. Osewera tinkawalipira nsima ndi thiransipoti. Tinati tizigulitsa K20. Tinagulitsa makope osakwana makumi atatu, koma sabata isanathe ndinakapeza m'minibasi ya ku Chadiza kondakitala akukaonera pa foni, ndipo anandiuza kuti "ndikutumizire, n'kabwino". Filimu yanga yomwe! Ndiye mukamati K5 pa flash, dziwani kuti pali wina amene sanadye. Ndalama ya masabata oyamba ija ndi imene imabweza zimene wopanga analowetsa. Ngakhale akuluakulu amakanganirana yomweyo. Scarlett Johansson, wosewera mafilimu wa ku America, anasumira Disney mu Julayi 2021 chifukwa kampaniyo inatulutsa filimu yake pa intaneti tsiku limodzi ndi ku sinema, pamene malipiro ake ankadalira matikiti. Anagwirizana kunja kwa khoti, koma mukuona kuti nkhani ya "liti" ndi nkhani ya ndalama.

Amake Tiza: Kondwa mwana wanga, zako zandikhudza. Koma K500 ya alamu ikupita kwa iwe? Ikupita ku America kwa anthu amene sadziwa n'komwe kuti kuli Kalongwezi. Mayi wa Johansson uyo sagona ndi njala chifukwa cha Mada.

Kondwa Kamera: Zoona amama, sindikumulirira iyeyo. Ndikulira chizolowezi. Munthu wozolowera kuti filimu ndi chinthu cha K5 sadzalipira K20 ya ine. Ndipo taonani, zathu zikafika pamwamba timazinyadira. Can You See Us itafika pa Netflix mu Ogasiti 2023 tonse tinalemba pa Facebook kuti Zambia yafika, ndipo panalibe ndalama yapadera, inali mu yapamwezi yomweyo. Rungano Nyoni, wopanga mafilimu wobadwira ku Zambia, anatenga BAFTA, mphoto ya mafilimu ya ku Britain, mu 2018. Anthu amenewa sanagwe kumwamba, pali amene analipira kuti ajambule.

Yobe wa Mafoni: Mukandiweruza mundimvere kaye. Makasitomala anga ndi a ku Nabvutika ndi ku Magazine, ena amachokera kumidzi pa njinga. Alibe khadi la banki, alibe Wi-Fi, foni yawo ndi ya memori khadi. Ngakhale atafuna kulipira, alipira kuti? Ambiri safuna n'komwe zatsopano za ku America, amafuna zija zomasuliridwa m'Chichewa zochokera ku Malawi, zimene womasulira amaikamo nthabwala zake mpaka msilikali wa ku China akulankhula za ganyu. Kampani iti inawaganizirapo anthu amenewa? Tsiku limene adzaike filimu pa K10 yolipira pa mobile money, ine ndidzatseka n'kumangokonza mafoni.

Aphunzitsi a ku Katete: Yobe, pa mobile money wanena zanzeru. Koma kukopera ntchito ya mwini popanda chilolezo ndi mlandu, usadzinamize. Ndipo flash ina yochokera kumsika inandidyera mafayilo a mayeso a Giredi 9 pa kompyuta.

Yobe wa Mafoni: Siinali yanga imeneyo.

Aphunzitsi a ku Katete: Sindinatchule dzina. Wadzimva bwanji?

Kondwa Kamera: Ndipo iwe Yobe, kafilimu kanga kanafika bwanji m'minibasi ya ku Chadiza?

Yobe wa Mafoni: Netiweki yavuta kuno, sindikuona mauthenga.

Adimini: Abale, tabwererani pa nkhani. Funso ndi la atate a Mada, mlandu wa Yobe tidzauzenga tsiku lake.

Amake Tiza: Chabwino. Ndaganiza ndili pa msika pano, ndipo ndasinthako pang'ono. Vuto langa ndi K500 kuchoka m'thumba limodzi kupita m'maso awiri. Koma Loweruka si kudzakhala ana a tonsefe kumeneko? Anga atatu, a amake Junior, a kwa aneba. Tikati m'malo mogula timphatso ta pulasitiki tothyoka tsiku lomwelo, aliyense aponye K50 ngati chilimba? Mabanja khumi yakwana. Ana khumi ndi asanu pa K500, aphunzitsi tiwerengereni.

Aphunzitsi a ku Katete: K33 ndi kanthu mwana mmodzi. Apo ndiye masamu ayamba kumveka. Koma chenjezo: kubwereka kumeneku ndi kwa kuonera pakhomo. Kuitana ana a abale ku phwando palibe vuto, koma mukaika munthu pa geti kulandira ndalama ndiye mwatsegula vidiyo sho ya agogo ija. Zoponyazo zikhale mphatso ya Mada.

Tisa (Leeds): Ndikuwonjezera zitatu ndigone. Choyamba amalume, yang'anani pa foni yanu inuyo ngati filimuyo ikuoneka ndi batani lolipira, osadalira chithunzi cha msuweni. Zinthuzi zimatsata dziko la akaunti ndi khadi. Disney+ mwachitsanzo inafika ku South Africa mu Meyi 2022, koma sizitanthauza kuti chilichonse chooneka ku Johannesburg chioneka ku Chipata. Chachiwiri, ngati ikuloleza, itsitseni pa foni kapena laputopu usiku ndi bandulo ya usiku, kuti Loweruka netiweki ikachita zake musadalire iyo. Kutsitsa sikuyambitsa maola 48 aja m'malo amene ndagwiritsapo, koma werengani timalemba tawo. Chachitatu, foniyo muibise kwa aliyense wokonda "kungoyesa".

Amake Junior (Moth): Mwamuna wanga ali pa gulu pano ndipo akuwerenga. Moni atate a Junior.

Shadi wa Njinga: Nanga malaiti?

Atate a Mada: Aneba ali ndi sola ndi inivetala, TV amaiyatsa maola anayi bwinobwino. Ndikawapempha, ana awo akhalepo. Koma ndikali ndi mantha kuti ndimuzolowetsa. Mwezi wamawa kutuluka ina, adzati adadi ija.

Agogo Jere (Mtenguleni): Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imfotere m'manja. Usamuuze kuti ayi, usamuuzenso kuti inde. Zimene anthu aponye umuike m'manja, ndalama zenizeni zogwirika, osati za m'foni. Umuuze kuti izi ndi zako: ukhoza kugula nsapato lero n'kudzaonera filimu yako pakapita miyezi itatu, kapena filimu lero nsapato n'kuiwala. Asankhe yekha. Wazaka 13 si khanda.

Amake Tiza: Adada anena. Yanga K50 ndatumiza kale, alamu yang'anani foni. Mukadya musanafike kwa mwana ndidzadziwa.

Atate a Mada: Yafika. Ndidzakuuzani Lamulungu.

Atate a Mada: Mwauka bwanji abale. Ndabwera kudzapereka lipoti monga ndinalonjeza.

Zoponya zinakwana K450, ine n'kuikapo K50. Lachinayi madzulo ndinamuitana Mada, ndinamuyalira ndalamazo pa thebulo monga ananenera adada, ma K50 khumi. Anaziwerenga kawiri. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati nsapato zija tinaona ku Down Shops zidzakhalapobe mwezi wamawa. Ndinati sindikudziwa. Anapita kuchipinda, ife tikuyesa nsapato zapambana, amake akundimwetulira mwachipongwe. Patapita mphindi khumi anatuluka n'kunena kuti filimu. Koma anawonjezera kuti bandulo ndilipire ine chifukwa siinali m'pangano. Aphunzitsi, mwanayu muzimuphunzitsa inu.

Banki inadula K500 ndi kanthu pamwamba, monga munanenera. Ndinaitsitsa Lachisanu usiku, foni ndinagona nayo pansi pa pilo. Loweruka ana anabwera khumi ndi anayi. Tinatseka mawindo ndi zitenje, amake anakazinga mbuliwuli poto ziwiri. Malaiti anapita 15 awazi, inivetala ya aneba inagwira ntchito. Mphindi makumi awiri zoyamba munali zii, ngakhale ntchentche imamveka. Kenako anyamata anayi anamva mpira ukugunda kubwalo n'kutuluka mmodzimmodzi. Ang'onoang'ono awiri anagona. Tiza anafunsa ngati palibe ya Chichewa. Amene anafika nayo kumapeto ndi asanu ndi mmodzi, kuphatikiza aneba aamuna amene anabwera kudzayang'anira inivetala yawo n'kukhala pa mpando wanga.

Mada waionera katatu. Kachitatu kanali lero 05 awazi, ndamupeza pa mpando atafunda chitenje, maso ofiira. Ndamufunsa ngati ndi yokoma chotero. Akuti yachiwiri inali yokwana, koma maola akalipo ndipo ndalama ndi yake.

Aphunzitsi a ku Katete: Ndiye K500 kugawa asanu ndi mmodzi, osati khumi ndi asanu. K83. Koma tikawerengera katatu ka Mada imatsikako.

Tisa (Leeds): Kkkk mwana wa amalume weniweni. Nanga inuyo munaiona bwanji?

Atate a Mada: Ndinagona pakati, mwana wa mlongo wanga. Ndinadzuka anthu akuimba. Ya ine ndekha sindingalipire, ndidikira ngati adada. Ya mwana kamodzi pa chaka mwina, ngati mudzaponyanso. Amake sanasinthe maganizo, akuti nsapato za kusukulu zang'ambika kuchala ndipo akuyang'ana ine.

Kondwa Kamera: Disembala ndikutulutsa kafilimu kena. K20. Ndidzaona amene adzaponye.

Yobe wa Mafoni: Ine ndigula awiri, akulu. Pamaso pa gulu.

Kondwa Kamera: Iwe ndidzakugulitsa pomaliza.

Amake Tiza: Alamu, poto yanga yaikulu ija munakazingira mbuliwuli itumizeni ndi Shadi lero, mawa ndili ndi chilimba kunyumba. Ndipo muitsuke, pansi pake mwapsereza.